Capel Celyn, mudzi umene unamizidwa kuti mzinda wa Liverpool upeze madzi

Kumpoto kwa dziko la Wales, makilomita ochepa kuchokera m'tauni ya Bala, kuli nyanja yotchedwa Llyn Celyn. Ukamadutsa pamsewu wa A4212 umangoona madzi ali phee, phiri la Arenig Fawr litaima chapatali, nkhosa zili mbwee m'zitunda. Mlendo akhoza kuganiza kuti nyanjayi inalengedwa pamodzi ndi mapiriwo. Koma m'zaka za m'ma 1950 pamalo amenewa panali chigwa cholimidwa, mtsinje wa Tryweryn ukuyenda pakati, ndipo m'mbali mwake munali kamudzi ka alimi kotchedwa Capel Celyn. Lero bwinja la mudziwo lili pansi pa madzi.

Kamudziko kanali kakang'ono ndithu. Madzi anamiza nyumba ndi mafamu 12, sukulu, positi ofesi, tchalitchi ndi manda ake, komanso mbali ina ya minda ya mafamu ena anayi. Malo onse omizidwa anali maekala pafupifupi 800. Mwa anthu 67 amene ankakhala m'chigwacho, 48 anasiya nyumba zawo. Padziko lapansi pali madamu amene anasamutsa anthu zikwi mazanamazana, ndiye wina angafunse kuti n'chifukwa chiyani anthu a ku Wales mpaka pano sanaiwale anthu 48 okhawa. Funso limeneli ndi limene landichititsa kulemba.

Dzina lakuti Capel Celyn ndi la Chiwelshi, chilankhulo cha eni dziko la Wales. Capel ndi tchalitchi chaching'ono, ndipo celyn ndi mtengo wina wa masamba aminga umene umakhala wobiriwira chaka chonse, umenenso unapereka dzina ku kamtsinje kothira mu Tryweryn. Dzinali likuonetsa kale chimene chinali pakatikati pa moyo wa anthuwa. Tchalitchicho chinali cha mpingo wa Calvinistic Methodist, womwe unazika mizu kwambiri m'dera la Meirionnydd, momwe muli chigwachi. Ku Bala komweko ndi kumene kunkakhala m'busa wotchuka Thomas Charles, amene anafalitsa Sande sukulu m'Wales monse, ndipo m'madera amenewa Sande sukulu sinali ya ana okha. Akuluakulu a imvi nawo ankakhala m'magulu, kuwerenga Baibulo la Chiwelshi ndi kutsutsana pa tanthauzo la vesi. Mapemphero, nyimbo, ndakatulo, malonda a nkhosa, mikangano ya malire, zonse zinkachitika m'Chiwelshi. Chingerezi chinali chilankhulo cha makalata a boma.

Mbiri ya chigwachi inayamba kale tchalitchicho chisanamangidwe. M'zaka za m'ma 1600, pafamu ina yotchedwa Hafod Fadog pankasonkhana Akhristu a gulu la Quaker, amene ankazunzidwa chifukwa chokana kulumbira m'makhoti ndi kupereka chakhumi ku mpingo wa boma. Kuyambira mu 1682 ambiri a iwo ochokera m'dera lino anawoloka nyanja kupita ku Pennsylvania, ndipo n'chifukwa chake pafupi ndi mzinda wa Philadelphia pali malo otchedwa Merion ndi Bala Cynwyd mpaka lero. Hafod Fadog ndi manda a ma Quaker aja nazonso zili pansi pa Llyn Celyn.

Kuti munthu amvetse chimene chinatayika, ayenera kudziwa kalimidwe ka m'mapiri amenewa. Nthaka yake ndi yosauka, mvula imagwa pafupifupi chaka chonse, ndipo chuma chenicheni ndi nkhosa za m'phiri ndi ng'ombe zakuda za ku Wales. Famu iliyonse imaima ndi miyendo iwiri. Mwendo woyamba ndi phiri, kumene nkhosa zimadya m'nyengo yotentha. Wachiwiri ndi madambo a m'munsi m'mbali mwa mtsinje, kumene mlimi amamweta udzu, kuuyanika ndi kuusunga kuti ziweto zidye chipale chikakuta phiri. Ukamiza madambowo, phiri likhoza kutsala, koma famu yafa, chifukwa ziweto sizingadutse dzinja lozizira popanda udzu wosunga. N'chifukwa chake ngakhale alimi amene nyumba zawo sizinafikidwe ndi madzi anapwetekeka.

Palinso chinthu china chimene chimandikhudza kwambiri. M'phiri lopanda mpanda, nkhosa za famu iliyonse zimadziwa dera lake ndipo sizipitirira malire. Mwana wa nkhosa amaphunzira derali poyenda pambuyo pa make, nayenso n'kudzaphunzitsa ana ake. Alimi a ku Wales amatchula dera lotere kuti cynefin, ndipo liwu lomweli amaligwiritsanso ntchito ponena za malo amene munthu anazolowera, kumene amadziwa mwala uliwonse ndi kanjira kalikonse. Gulu la nkhosa lotere sunganyamule pa lole n'kukalitula paphiri lina. Zingosochera. Nzeru imeneyi imatenga mibadwo kuti ikhazikike, ndipo m'mabuku owerengera chipukuta misozi mulibe mzere wake.

Ntchito zazikulu ankathandizana. Nthawi yometa nkhosa, famu iliyonse inali ndi tsiku lake, anansi onse n'kubwera ndi mipeni yometera, amayi akuphikira khamu lonselo, mawa lake n'kupita kwa wina. Anthu ankadziwika ndi dzina la famu kuposa dzina la bambo awo, popeza a Jones ndi a Roberts anali ponseponse. Ukati Dafydd Roberts palibe akudziwa amene ukunena, koma ukati Dafydd Roberts wa ku Cae Fadog, aliyense wamva. Mayina a mafamu monga Garnedd Lwyd, Gwerndelwau ndi Coed Mynach anali ngati mayina a mafuko.

Sindikufuna kukometsa moyo umenewu mopitirira. Unali moyo wolimba, wa ntchito yakalavulagaga, ndalama zochepa, ndipo achinyamata m'madera onse akumidzi ku Wales anali atayamba kale kuthawira m'matauni. Koma mudzi kutha pang'onopang'ono chifukwa ana ake asankha kuchoka n'kosiyana ndi mudzi kuthetsedwa ndi anthu amene sanaupondemo.

Kutsidya la malire, ku England, kuli mzinda wa Liverpool, umene panthawiyo unali ndi anthu oposa 780,000, doko lalikulu ndi mafakitale ambiri. Mzindawu unali utazolowera kale kutunga madzi ku Wales. M'zaka za m'ma 1880 unamanga damu la Vyrnwy n'kumiza mudzi wa Llanwddyn, ngakhale kuti kumeneko unamangira anthuwo mudzi watsopano kumunsi kwa damu. Mzinda wa Birmingham nawo unachita chimodzimodzi m'chigwa cha Elan. Ndipo mu 1940 asilikali analanda phiri la Epynt kuti aziphunzitsirapo kuwombera mizinga, n'kusamutsa anthu oposa 200 olankhula Chiwelshi. Choncho pamene nkhani ya Tryweryn inkabwera, chilonda chinalipo kale.

Mu 1955 khonsolo ya Liverpool inalengeza kuti ikufuna madzi ena. Poyamba inaloza dera la Dolanog, kufupi ndi kwawo kwa Ann Griffiths, mayi wopeka nyimbo zauzimu amene a Wales amamulemekeza kwambiri. Anthu atakwiya, khonsoloyo inabwerera m'mbuyo, ndipo posakhalitsa inatchula Tryweryn. Ambiri ku Wales amakhulupirira kuti Dolanog inali nyambo chabe, kuti mzindawo uoneke womvera pamene ukutenga chimene unkafuna kuyambira pachiyambi. Chodziwika n'chakuti anthu a ku Capel Celyn anamva za tsogolo la mudzi wawo kudzera m'nyuzipepala, Khirisimasi ya 1955 itayandikira. Palibe anabwera kudzakhala nawo pansi nkhaniyo isanatuluke.

Apa ndi pamene pali phata la nkhani yonse, ndipo pafunika kufotokoza bwino. Mwachizolowezi, wofuna kumanga chinthu chachikulu chotere akanayenera kupempha chilolezo ku makhonsolo a m'deralo, omwe anasankhidwa ndi eni malo. Liverpool inadutsa njira ina. Malamulo a ku Britain amalola khonsolo kapena kampani kupititsa bilu yakeyake ku Nyumba ya Malamulo ku London, yopempha mphamvu zapadera pa ntchito inayake. Bilu yotere ikavomerezedwa imakhala lamulo la dziko, ndipo lamulo la dziko limaposa chigamulo cha khonsolo iliyonse. Ndi lamulo limeneli Liverpool ikanatha kugula malo mokakamiza, mwini wake afune asafune, popanda kugogoda pakhomo la khonsolo iliyonse ya ku Wales. Mlandu wa chigwa cha Tryweryn unachoka m'manja mwa anthu a ku Meirionnydd n'kupita m'manja mwa aphungu 630, amene mwa iwo a ku Wales anali 36 okha.

Anthu a m'mudzimo sanakhale chete. Mu Malichi 1956 anakhazikitsa komiti yoteteza mudzi. Wapampando anali bambo Dafydd Roberts a ku Cae Fadog aja, ndipo mlembi anali mayi Elizabeth May Watkin Jones, mphunzitsi wobadwira m'mudzimo, amene bambo awo ankayang'anira positi ofesi komanso anali mlakatuli. Mayiwa analemba makalata osawerengeka, kupita kwa aphungu, makhonsolo, mipingo, mabungwe a ogwira ntchito ndi nyuzipepala. Makhonsolo ambiri a ku Wales anayankha kuti ali nawo limodzi. Mtsogoleri wa Plaid Cymru, chipani chomenyera kudzilamulira kwa Wales, a Gwynfor Evans, anakhala mmodzi wa owalankhulira.

Kumayambiriro kwa Novembala 1956, a Evans, a Roberts ndi Dr Tudur Jones, mphunzitsi wa zaumulungu, anapita kumsonkhano wa khonsolo ya Liverpool kuti akanene madandaulo awo. A Evans ataimirira kuti alankhule, makhansala anawakuwiza, ndipo atatuwo anatulutsidwa m'chipindamo. Patapita masabata awiri, pa 21 Novembala, pafupifupi mudzi wonse unakwera mabasi kupita ku Liverpool, ana asukulu ndi okalamba omwe. Zithunzi za tsikulo zilipo. Ukaziyang'ana umaona alimi atavala makhoti awo a Lamulungu, amayi ndi zipewa zawo, tiana titanyamula zikwangwani zokulirapo kuposa ito, zina zikunena kuti nyumba zanu zili pabwino, pulumutsani zathu. Amene analipo ali ana anafotokoza atakula kuti m'misewu anthu ena ankawatukwana, kuwalavulira ndi kuwagenda ndi zipatso zowola. Ulendo uno a Evans analoledwa kulankhula kwa makhansala. Atamaliza, pafupifupi makhansala onse anavota kuti ntchito ipitirire.

Mu 1957 biluyo inakambidwa ku London. Nduna yoona za nyumba ndi maboma aang'ono, a Henry Brooke, inali kumbali ya Liverpool, ndipo chopweteka n'chakuti nduna yomweyi ndi imene inkayang'aniranso nkhani za Wales. Palibe phungu ndi mmodzi yemwe wa ku Wales, kaya wa chipani chanji, amene anavotera biluyo. Komabe kumapeto kwa Julaye 1957 inadutsa ndi mavoti a aphungu a kwina.

Yankho la funso lija lili pamenepa. Anthu a ku Capel Celyn anachita chilichonse chimene nzika yomvera malamulo imauzidwa kuti ichite. Analemba makalata mwaulemu, anapanga komiti, anayenda mwamtendere, anakopa makhonsolo, anakopa aphungu awo. Liverpool nayo sinaswe lamulo lililonse. Panalibe chinyengo choti munthu n'kukasuma kukhoti. Zonse zinayenda mwadongosolo, ndipo dongosolo lomwelo ndi limene linasonyeza kuti ngakhale Wales yense atagwirizana kunena kuti ayi, mawu akewo sakanaletsa chilichonse pa nthaka yake yomwe. Anthu ambiri amene sankasamala za ndale anazindikira zimenezi kwa nthawi yoyamba chifukwa cha Tryweryn.

Kodi Liverpool inalibe mfundo? Inali nazo. Mzinda waukulu umafuna madzi aukhondo, ndipo Liverpool inkadziwa bwino za matenda obwera ndi madzi oipa m'makomboni ake akale. M'mzindamo munkakhalanso anthu ambiri ochokera ku Wales. Owerengera ankati alimi makumi angapo sangaime patsogolo pa anthu zikwi mazana. Koma otsutsa ankanena kuti madzi akumwa mzindawo unali nawo okwanira kuchokera ku Vyrnwy, kuti madzi atsopanowo ambiri anali a mafakitale ndi ogulitsa kwa madera oyandikana nawo, komanso kuti panali njira zina zosungira madzi popanda kumiza mudzi. Zaka zotsatira zinawonjezera kuwawa, chifukwa chiwerengero cha anthu a mu Liverpool chinayamba kutsika, moti pofika 2001 chinali chosakwana 450,000. Ine ndimaona kuti ngakhale madziwo akanakhala ofunika motani, kulakwa kwakukulu kunali kachitidwe kake, kuwatenga eni chigwa ngati chopinga cha pamapu m'malo mowatenga ngati anthu oti n'kukambirana nawo.

Nkhani ya chilankhulo inakulitsa zonsezi. Kalembera wa 1901 anapeza kuti pafupifupi theka la anthu a ku Wales ankalankhula Chiwelshi. Pofika 1951 anali 29 pa 100 aliwonse, ndipo mu 1961 anatsikira pa 26. Chilankhulocho chinkapuma bwino m'midzi ngati Capel Celyn, kumene mwana ankachimva kunyumba, kusukulu, kutchalitchi ndi kubusa. Midzi yotere inali kuchepa. Kumiza umodzi kunali kudula umodzi wa mizu yotsala. Mu Febuluwale 1962, damu lili mkati momangidwa, wolemba wotchuka Saunders Lewis analankhula pa wailesi kuchenjeza kuti Chiwelshi chikhoza kufa ngati anthu sachitapo kanthu mwamphamvu, ndipo chaka chomwecho kunabadwa bungwe lomenyera chilankhulochi la Cymdeithas yr Iaith Gymraeg.

Ntchito yomanga inatenga zaka zingapo, ndipo zaka zimenezi ndi zimene ndimaziganizira kwambiri. Mudzi sunamizidwe tsiku limodzi. Anthu anapitiriza kukama ng'ombe ndi kutumiza ana kusukulu pamene mathirakitala akuluakulu ankakumba kumunsi kwa chigwa, akuunjika khoma la dothi ndi miyala. Njanji ya pakati pa Bala ndi Blaenau Ffestiniog, yodutsa m'chigwamo, inasiya kunyamula anthu mu 1960 ndipo katundu mu 1961. Msewu watsopano unalambulidwa pamtunda. Mitengo inadulidwa, mipanda ya miyala inagwetsedwa, banja lina likasamuka nyumba yake inkagumulidwa anansi akuona. Sukulu inatsekedwa mu Julaye 1963, ana atatsala ochepa. Mapemphero omaliza m'tchalitchi anachitika chaka chomwecho, kenako nachonso chinagwetsedwa.

Za manda zinali zovuta kuposa zonse. Mabanja anapatsidwa mwayi wosankha kufukula abale awo kukawaika kwina kapena kuwasiya. Mitembo isanu ndi itatu inafukulidwa. Yotsalayo inasiyidwa pomwepo n'kukwiriridwa, ndipo miyala ya pamanda inanyamulidwa kupita kumtunda. Taganizani munthu kupatsidwa chisankho chotero, kusokoneza tulo ta mayi ake kapena kuvomera kuti sadzaimanso pamanda awo.

Chipukuta misozi chinaperekedwa, ndipo mabanja anapeza pokhala, ena m'midzi yapafupi, ena kutali pang'ono. Koma mosiyana ndi ku Llanwddyn, kuno sikunamangidwe mudzi watsopano woti onse akakhale pamodzi. Anabalalika. Munthu akhoza kupeza nyumba yabwino kuposa yakale, koma anzake ometa nawo nkhosa, oimba nawo kwaya, odziwa agogo ake, sangawagule ndi mapaundi.

Kunja kwa chigwa mkwiyo unkakula, makamaka pakati pa achinyamata amene ankaona kuti atsogoleri a Plaid Cymru akungolankhula. A Gwynfor Evans anali munthu wokana zachiwawa ndi mtima wonse, ndipo chipani chawo sichinapite kukatsekereza ntchitoyo monga ena ankayembekezera. Mu Seputembala 1962 anyamata awiri ochokera kumwera kwa Wales, David Pritchard ndi David Walters, anawononga thiransifoma ya pamalo omangapo potayitsa mafuta ake, ndipo khoti linawalipiritsa. Mu Febuluwale 1963, m'nyengo ya chisanu choopsa, amuna atatu, Emyr Llywelyn Jones, Owain Williams ndi John Albert Jones, anayenda m'chipale usiku n'kuphulitsa thiransifoma ndi bomba. Palibe anavulala. Emyr Llywelyn, yemwe anali wophunzira pa koleji ku Aberystwyth, anamangidwa chaka chimodzi, ndipo Owain Williams nayenso anakalowa kundende pambuyo pake. Gulu lawo linkatchedwa Mudiad Amddiffyn Cymru, kutanthauza gulu loteteza Wales, ndipo m'zaka zotsatira dzinali linamvekanso pa mabomba ena ophulitsa mapaipi a madzi ndi maofesi a boma. Ndi bwino kukumbukira kuti ochita zimenezi sanali anthu a m'mudzimo. Anthu a ku Capel Celyn nkhondo yawo anaimenya ndi makalata ndi zikwangwani.

Damu linatsegulidwa pa 21 Okutobala 1965. Akuluakulu a mzinda wa Liverpool anabwera ndi alendo awo, koma anapeza khamu la anthu okwiya likuwadikira. Mawaya a zokuzira mawu anadulidwa, phokoso linamiza zolankhula, ndipo mwambo umene unakonzedwa kuti ukhale wautali unatha m'mphindi zochepa. Tsiku limenelo kunaonekeranso poyera amuna ovala yunifolomu odzitcha Free Wales Army, kutanthauza gulu lankhondo lomasula Wales.

Madzi a mu Llyn Celyn sapita ku Liverpool pa paipi, ndipo ambiri sadziwa zimenezi. Damuli ntchito yake ndi kusunga madzi m'nyengo ya mvula yambiri n'kumawatulutsa pang'onopang'ono mumtsinje wa Tryweryn, umene umathira mu Dee pafupi ndi Bala. Mtsinje wa Dee ndiwo umanyamula madziwo mtunda wautali mpaka kufupi ndi Chester, kumene amapopedwa, kuyeretsedwa ndi kugawidwa. Chifukwa choti madzi amatulutsidwa mwadongosolo ngakhale m'chilimwe, kumunsi kwa damu kunakhala malo otchuka a masewera opalasa timabwato m'mathithi, ndipo alendo amabwera kuchokera kutali. Ambiri a iwo sadziwa kuti mafunde akuseweretsawo adutsa pamwamba pa sukulu.

Pasanathe chaka chitsegulireni damu, mu Julaye 1966, a Gwynfor Evans anapambana chisankho chapadera ku Carmarthen n'kukhala phungu woyamba wa Plaid Cymru ku London. Izi zisanachitike, mu 1964, boma la Britain la chipani cha Labour linali litakhazikitsa udindo wa nduna yoyang'anira Wales payokha, ndipo woyamba kuukhala anali a Jim Griffiths. Mu 1997 anthu a ku Wales anavota, ndi kusiyana kochepa kwambiri, kuti akhale ndi nyumba yawoyawo ya malamulo, imene inayamba ntchito ku Cardiff mu 1999. Kunena kuti zonsezi zinabadwa ku Tryweryn kungakhale kukokomeza. Panali zifukwa zina zambiri, monga kutsekedwa kwa migodi ya malasha, nkhani ya chilankhulo ndi kusintha kwa ndale ku Scotland. Komabe aliyense wofotokoza chifukwa chimene Wales inafunira mawu pa zinthu zake amafika pa dzina limeneli, chifukwa ndi chitsanzo chimene mwana aliyense angachimve.

Dzinalo linasungidwanso pakhoma. M'zaka za m'ma 1960, mnyamata wina dzina lake Meic Stephens, amene pambuyo pake anakhala wolemba ndi mkonzi wodziwika, analemba ndi penti pakhoma la nyumba yakugwa pafupi ndi Llanrhystud, m'mbali mwa msewu wopita ku Aberystwyth, mawu opempha anthu kukumbukira Tryweryn. Lero amawerengedwa kuti Cofiwch Dryweryn, zilembo zoyera pakhoma lofiira. Khomali lili kutali ndi damu, koma lakhala ngati chipilala cha dziko. Lakhala likuipitsidwa kangapo, anthu n'kulipentanso. Mu 2019 anthu ena analembapo zina kenako n'kugumula mbali yake, ndipo yankho linali lakuti mawu omwewo anayamba kuoneka pamakoma, pamiyala ndi pamagalimoto m'Wales monse, ngakhalenso kunja.

Mu Okutobala 2005, patatha zaka 40, khonsolo ya mzinda wa Liverpool inapepesa poyera chifukwa cha kupweteka kumene kunachitika ndi kusaganizira ena kwa khonsolo ya nthawi ija. Ena anakulandira kupepesako. Ena mwa amene anakulira m'mudzimo anati kwabwera mochedwa, popeza makolo amene anataya minda yawo ambiri anali atamwalira kale. Madzi akatayika saoleka, ndipo onse awiri, opepesa ndi opepesedwa, ankadziwa zimenezo.

Chakumtunda kwa nyanjayi, pafupi ndi msewu, kuli katchalitchi kachikumbutso kamene kanamangidwa ndi miyala ya tchalitchi chakale ndi ya nyumba zina za m'mudzimo. Anakajambula ndi wosema ziboliboli R. L. Gapper, ndipo zenera lake linalunjika kumene kunali mudzi. Panja pake pali miyala ya pamanda ija, mayina a anthu ndi a mafamu awo akuwerengeka bwinobwino, pamene eni ake ambiri agona pansi pa nyanja. M'zaka za chilala, monga 2018 ndi 2022, madzi amaphwera kwambiri mpaka matope a pansi amaonekera. Zitsa za mitengo yodulidwa ija zimatulukira, pamodzi ndi mizere ya mipanda ya minda ndi maziko a nyumba. Anthu amaimika magalimoto n'kutsetsereka wapansi, ena atagwira okalamba padzanja, kukafunafuna pamene panali khomo la kwawo mvula isanabwerere.